Masiku a m'gombe la Wadden Sea: kutsatira nsomba yogona chammbali

Lolemba, Den Helder mpaka Texel

Sitima yowolotsa anthu ndi magalimoto kuchokera ku Den Helder kupita pachilumba cha Texel, m'dziko la Netherlands, imayenda mphindi 20 zokha, koma madzi amene imadutsawo, otchedwa Marsdiep, ndiwo khomo lalikulu limene madzi a North Sea amalowera ndi kutulukira kawiri pa tsiku m'chigawo chakumadzulo cha nyanja yosaya ya Wadden Sea. Chandibweretsa kuno kumayambiriro kwa Meyi ndi nsomba imodzi, imene anthu a ku Netherlands amaitcha schol, Angerezi amati plaice, ndipo m'mabuku a sayansi imalembedwa kuti Pleuronectes platessa. Ndi nsomba yathyathyathya yokhala pansi pa nyanja, ndipo ikakula imagona chammbali pamchenga moyo wake wonse, maso ake onse awiri ali mbali imodzi ya mutu. Nyengo ino tiana take, tomwe tinabadwira kutali m'miyezi yozizira, timakhala titangofika kumene m'matope a gombe lino, ndipo ndikufuna kuona ndi maso anga malo amene timakulira.

Wadden Sea ndi yotalika makilomita pafupifupi 500, kuyambira pa Den Helder, kudutsa gombe la Germany mpaka ku Denmark, ndipo mzere wa zilumba ndi umene umaitchinjiriza ku mafunde a nyanja yaikulu. Madzi akaphwa, dera lalikulu limasanduka bwalo la matope ndi mchenga lofika kumene maso alekezera, ndipo pakapita maola pafupifupi 6 madzi aja amakhala atabwerera n'kukwirira zonse. Bungwe la UNESCO linaika chigawo cha Netherlands ndi cha Germany pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2009, ndipo cha Denmark chinawonjezedwa mu 2014.

Pafupi ndi pamene sitima imakocheza, pa 't Horntje, pali likulu la NIOZ, bungwe la dziko lino lofufuza za nyanja, lomwe chiyambi chake ndi cha mu 1876. Kutentha kwa madzi a Marsdiep kwakhala kukuyezedwa kuyambira 1861, ndipo kuyambira 1960 ofufuza amatchera mono waukulu wa ukonde pamalo amodzimodzi kumwera kwa chilumbachi, n'kumauwonjola tsiku ndi tsiku m'nyengo ziwiri pachaka, kuzizira kukatha ndiponso kusanayambe. Nsomba iliyonse yolowa m'monomo imawerengedwa ndi kuyezedwa. Ntchito yotere ilibe chokopa maso, koma ndimailemekeza kwambiri, chifukwa nsomba yobisala mumchenga siingadziwike kuti ikuchuluka kapena ikuchepa popanda anthu opirira amene amachita chinthu chimodzimodzi, pamalo amodzimodzi, kwa zaka zambirimbiri.

Lachiwiri, De Koog

Ndinaona kuti ndi bwino kuyamba ndi nsomba yaikulu ndisanapite kukasaka tiana, choncho lero ndinali ku Ecomare, malo osamalira ndi kuonetsa zamoyo za m'nyanja, pafupi ndi mudzi wa De Koog. Pathanki lina lagalasi ndinaima nthawi ndithu ndikuona mchenga wokhawokha, kufikira pamene timaso tiwiri totukuka pamwamba pa mchengawo tinatembenuka, lina kuyang'ana uku, lina kuyang'ana uko, pakuti diso lililonse limayenda palokha. Nditazindikira pamene panali mutu, m'pamene ndinayamba kuona mzere wa thupi lonse, ndi chivindikiro cha m'mbali mwa mutu chikukwera ndi kutsika pang'onopang'ono popuma. Patapita kanthawi nsombayo inadzuka, mchenga uli yoyoyo kutsika pamsana pake, n'kusambira pang'ono, n'kuteranso pena. Itatera inagwedeza thupi ndi zipsepse mofulumira kwambiri, mchenga unatumphuka n'kugweranso pa iyo, ndipo m'kanthawi kochepa panatsala maso okha.

Chinthu choyamba chofunika kumvetsa n'chakuti chimene timachiona ngati msana si msana ayi, koma nthiti zakumanja. Nsomba za mtundu wa ray, zimene zimapezekanso m'nyanja yomweyi, zimagonera mimba, ndipo thupi lawo ndi lofanana kumanzere ndi kumanja. Schol imagonera mbali yakumanzere, imene ndi yoyera ndiponso yopanda diso, pamene mbali yakumanja, yoyang'ana kumwamba, ndiyo ili ndi maso ndi mtundu. Zipsepse ziwiri zazitali zozungulira m'mphepete mwa thupi ndi cha pamsana ndi cha kumimba, ndipo ikamasambira thupi likupindika chokwera ndi chotsika, kwenikweni ikuchita zomwe nsomba ina iliyonse imachita popindika uku ndi uku, kungoti iyo yagona. Nayo pakamwa pake ndi popotoka, ndipo mano ambiri ali kunsagwada ya mbali yopanda diso, imene imakhudza pansi potola chakudya. Kukhosi ili ndi mano ena ophwanyira zigoba za nkhono zing'onozing'ono.

Nsomba zambiri zili ndi thumba la mpweya m'mimba lozithandiza kuyandama pakati pa madzi popanda kutaya mphamvu. Schol yaikulu ilibe thumba limeneli, moti ikangoleka kusambira imamira n'kukhala pansi, ndipo kwa nsomba imene chitetezo chake ndi chakudya chake zonse zili pansi, kulemera kumeneku ndi phindu.

Nkhani ya mtundu wa khungu ndi imene inandisunga pagalasipo mpaka madzulo. M'khungu la mbali yapamwamba muli maselo okhala ndi utoto, ndipo utotowo ukamwazika m'selo khungu limada, ukasonkhana pamodzi khungu limayera. Chimene chimalamula kusinthaku ndi maso: nsomba imaona pansi pamene yagona, ubongo n'kutumiza uthenga kukhungu kudzera m'mitsempha ndi m'mahomoni. Francis Sumner anaonetsa zimenezi mu 1911 ku Naples m'dziko la Italy, pamene ankaika nsomba zathyathyathya pamchenga, pamiyala ndi pa zojambula zosiyanasiyana, ndipo anapeza kuti nsomba yosaona siitha kudzifananitsa ndi malo ake. Mu 1996 gulu la V. S. Ramachandran linapeza kuti mtundu wina wa m'nyanja zotentha, Bothus ocellatus, umasintha maonekedwe m'masekondi 2 mpaka 8. Schol siifulumira chotero, ndipo madontho ake ofiirira amene amaizindikiritsa satheratu, amangozilala ikakhala pamchenga woyera. Mitundu ya nsomba zathyathyathya padziko lonse ndi yoposa 700, kuyambira tating'ono ta masentimita ochepa mpaka halibut ya ku Atlantic imene imapitirira mamita awiri, koma pafupifupi yonse imadalira njira yomweyi yogona, kufanana ndi pansi, ndi kudikira.

Lachitatu, matope a kufupi ndi De Cocksdorp

Kuyenda pamatope a Wadden Sea kumafuna wotsogolera wodziwa nthawi ya madzi, chifukwa madzi akamabwerera amayamba kudzaza ngalande za kumbuyo kwa munthu iye asanazindikire. Tinanyamuka m'mamawa madzi akuphwa, kumpoto kwa chilumba, ndipo atitsogoleri athu anali bambo achikulire onyamula kaukonde kokankha ndi beseni loyera. Pansi ponse panali timilu ta mchenga topotanapotana, tomwe ndi zotuluka m'mimba mwa nyongolotsi zotchedwa Arenicola marina, zokhala m'mauna pansi pa matope. Titafika pakadziwe kosafika m'mawondo, bambowo anakankha ukonde mtunda waufupi n'kukhuthulira zonse m'beseni. Munali tinkhanu, ndi shrimp zambiri zotuwa (abale a nkhanu aang'ono a thupi lalitali) zikudumphadumpha, ndipo pansi penipeni, titamatirira kubeseni, panali tiana ta schol, kalikonse kukula kwake ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Kena kanali koonekera mkati moti fupa la msana linkaoneka, ndipo kena kanali katayamba kale kuchita mawanga a mchenga. Ndinagwada m'matopemo kuti ndikaone bwino, ndipo maso ake onse awiri anali atafika kale kumanja.

Ulendo umene tiana timeneti tayenda ndi wautali. Schol za m'dera lino zimaikira mazira pakati pa Disembala ndi Malichi, makamaka kumwera kwa North Sea ndi kum'mawa kwa English Channel, m'madzi akuya mamita makumi angapo. Yaikazi imodzi imaikira mazira kuyambira pa 50,000 mpaka pafupifupi 500,000 malinga ndi kukula kwake, ndipo dzira lililonse, la mamilimita pafupifupi 2, limayandama n'kumatengedwa ndi madzi. Pakatha masabata awiri kapena atatu, kutengera kuzizira kwa madzi, mumatuluka kamwana ka mamilimita 6 kapena 7, ndipo kamwanaka kamakhala ngati ka nsomba ina iliyonse: kamasambira choimirira, diso limodzi kumanja, lina kumanzere. Kamadya tizilombo toyandama kwinaku madzi akukatengera chakumpoto chakum'mawa, motsata gombe.

Kakafika mamilimita 10 mpaka 15, kusintha kumayamba. Mahomoni a m'chithokomiro ndiwo amayambitsa ntchitoyi: mafupa a chigaza, omwe akadali ofewa, amakula mosafanana mbali ziwiri, diso lakumanzere limakwera pang'onopang'ono, limadutsa pamwamba pa mutu n'kukakhazikika pafupi ndi linzake, thupi limatambasuka, ndipo kamwana kamayamba kupendekeka posambira mpaka kugoneratu. Nthawi yomweyo kamayenera kupeza malo osaya oti kakhazikike, ndipo njira imene kamalowera m'gombe ndi yochititsa chidwi, popeza kalibe mphamvu zolimbana ndi madzi othamanga. Madzi akamalowa kumtunda kamakwera m'mwamba kuti akatenge, ndipo akayamba kubwerera kunyanja kamatsikira pansi n'kugwiritsa mchenga kufikira atatembenukanso. Motero, ulendo uliwonse wa madzi umakasunthira patsogolo, osakabweza m'mbuyo.

Bambo aja anatiuza kuti tiyang'anitsitse shrimp zimene zinali m'beseni limodzi ndi tianato, chifukwa ndizo mdani wake wamkulu. Ofufuza a NIOZ anatsimikiza m'zaka za m'ma 1980 kuti shrimp yotuwa, Crangon crangon, imadya tiana ta schol tongokhazikika kumene, ndipo ngoziyi imachepa kamwana kakapitirira mamilimita pafupifupi 30. Choncho m'masabata oyamba kukula msanga ndiko kupulumuka. Poyamba tiana timatsalira m'timadziwe ta pamatope madzi akaphwa, koma tikakulako timaphunzira kuyenda ndi madzi: akamakwera timapita pamatope kukadya, akamaphwa timabwerera m'ngalande zakuya.

Kadyedwe kake kanandikhudza kuposa zonse zimene ndamva lero. Nkhono za zigoba ziwiri zokhala pansi pa matope, monga Macoma balthica, zimatulutsa kapaipi kofewa pamwamba kuti zikoke chakudya, ndipo nyongolotsi zija zimatulutsa nsonga ya mchira potaya mchenga. Kamwana ka schol, kamene kamasaka ndi maso masana, kamabudula nsonga ya kapaipi kapena ya mchira n'kupita, ndipo mwini wake safa: nkhono imameretsa kapaipi kena, nyongolotsi imapitiriza moyo ndi mchira wotsalawo. Matope amene mlendo angawaone ngati chipululu amadyetsa nsomba mamiliyoni mwa njira imeneyi, ndipo pofika kumapeto kwa nyengo yotentha tiana topulumuka timakhala titafika masentimita 7 mpaka 10. Tisanachoke, bambowo anapendeketsa beseni m'kadziwe komwe kaja, ndipo tonse tinazimirira mumchenga nthawi yomweyo.

Lachinayi, Den Burg

Kwagwa mvula ya mphepo tsiku lonse, ndipo ndakhala m'nyumba ndikuganizira za diso lija loyenda. Funso limeneli linavutitsa asayansi kwa zaka zoposa 100. Mu 1871 St George Mivart anatsutsa Charles Darwin pogwiritsa ntchito nsomba zomwezi, ponena kuti diso limene layenda theka la ulendo silingathandize nsomba chilichonse, choncho kusinthaku sikukanachitika pang'onopang'ono m'mibadwo. Darwin anayankha mu 1872, potchula za tiana timene timayesetsa kupotoza diso lapansi kuti tione kumwamba tikagona, koma yankho lake silinakhutiritse ambiri, ndipo panalibe chotsalira chilichonse cha nsomba yakale choonetsa diso lili pakati pa njira.

Umboni unapezeka mu 2008, osati pokumba malo atsopano, koma poyang'ananso miyala imene inali itasungidwa kalekale m'nyumba zosungiramo zinthu zakale ku Europe. Matt Friedman anaunika zotsalira za nsomba ziwiri, Amphistium ndi Heteronectes, za zaka pafupifupi 50 miliyoni zapitazo, zambiri zochokera ku Bolca kufupi ndi Verona m'dziko la Italy, ndipo anapeza kuti zinali nsomba zokhwima, zokhala ndi chigaza chopotoka, diso limodzi litakwera kufupi ndi pamwamba pa mutu koma lisanawolokere mbali inayo. Nsomba za diso la pakati pa njira zinakhalapo ndithu, ndipo zinkakula mpaka kukhwima. Chimene ndikuchiona chofunika pankhaniyi n'chakuti miyala ina mwa imeneyi anthu anali ataiona kale, koma kupotoka kwa chigaza ankakuyesa kuphwanyika kochitika nsomba itafa.

Lachisanu, Oudeschild

Maboti a kuno opha nsomba ku North Sea ali ndi chizolowezi chonyamuka kumayambiriro kwa sabata n'kubwerera Lachisanu, n'chifukwa chake ndinasungira lero ulendo wa kudoko la Oudeschild. Maboti olembedwa TX, chizindikiro cha Texel, atsala ochepa poyerekeza ndi kale, pakuti ambiri anachotsedwa pantchito m'zaka zaposachedwa. Bambo wina amene anagwira ntchito m'maboti kuyambira unyamata wawo anandiyalira nsomba zingapo pabokosi n'kundiuza kuti ndizisiyanitse ndi chala, osati ndi maso okha.

Schol ndi yosalala, ndipo kuseri kwa maso ili ndi mzere wa timafupa totukuka, 4 mpaka 7. Nsomba yofanana nayo kwambiri, imene kuno amati bot ndipo dzina lake la sayansi ndi Platichthys flesus, imakhakhala m'tsinde mwa zipsepse zonse ziwiri chifukwa cha timinga. Ina yotchedwa schar ndi yaing'ono, imakhakhala ukaisisita kuchokera kumchira kupita kumutu, ndipo mzere wa m'nthiti mwake umakhota kwambiri pamwamba pa chipsepse cha pachifuwa. Yotchedwa tarbot ndi yobulungira, ilibe mamba koma timabampu ta fupa, maso ake ali kumanzere, ndipo pakamwa pake ndi papakulu chifukwa imadya nsomba zinzake. Yosiyana ndi zonse ndi tong, kapena kuti Solea solea: yayitali, ya mphuno yozungulira, maso aang'ono, ndipo kunsi kwa mutu, mbali yopanda diso, ili ndi timinofu tofewa tonga ubweya tomvera kukhudza, pakuti masana imakwiririka mumchenga n'kumasaka usiku. Nsomba zisanuzi zimagona pansi pa nyanja imodzi, koma zimagawana nthawi, chakudya ndi kuya kwa madzi.

Kubisala kwa tong ndiko kunabala njira yophera nsomba imene imavutitsa schol. Boti limakoka maukonde awiri otsekulidwa ndi chitsulo chachitali, ndipo kutsogolo kwa ukonde kuli maunyolo olima pansi kuti nsomba zokwiririka zidzuke. Popeza tong ndi yowonda ndiponso yoterera, maso a ukonde wake amakhala a mamilimita 80, koma schol ndi yotambalala, moti zambiri zosafika masentimita 27, umene ndi muyezo wovomerezeka kugulitsa, zimakodwa limodzi. Asodzi a dziko lino anayesa kugwiritsa ntchito magetsi ofooka m'malo mwa maunyolo, koma European Union inaletseratu njirayi kuyambira pa 1 Julayi 2021, ndipo padoko pano nkhaniyi ikadali yowawa. Ine ndinamvetsera mbali yawo mwaulemu, ngakhale kuti chimene chinkandibwerera m'maganizo ndi nyongolotsi ndi nkhono za pansi pamene unyolo umadutsa, zomwe ndi chakudya cha nsomba yomwe akuifunayo.

Kenaka bambowo anang'amba mutu wa schol imodzi ndi mpeni n'kutulutsa timiyala tiwiri toyera ta m'khutu, n'kundiikira m'dzanja. Nditakayang'anitsa padzuwa ndinaona mizere yozungulira, yowala ndi yodera mosinthana, ndipo awiri aliwonse ndi chaka chimodzi. Johannes Reibisch ndi amene anaonetsa mu 1899, pogwiritsa ntchito schol yomweyi, kuti zaka za nsomba zingawerengedwe motere, ndipo mpaka lero kuwerengera kwa nsomba zololedwa kuphedwa kumadalira anthu owerenga timiyala timeneti pa maikulosikopu. Zazikazi zimakula kuposa zazimuna ndipo zimachedwa kukhwima. Schol ingathe kufika pafupifupi mita imodzi, koma zambiri zophedwa zimakhala za masentimita 25 mpaka 40.

Loweruka, Kornwerderzand

Ndachoka pachilumba ndipo ndayenda pa Afsluitdijk, khoma la makilomita 32 limene linatsekedwa mu 1932 n'kudula nyanja ya Zuiderzee, yomwe inasanduka nyanja ya madzi opanda mchere yotchedwa IJsselmeer. Chandibweretsa kuno ndi bot, chifukwa mwa nsomba zathyathyathya za ku Europe ndiyo imalowa kutali m'mitsinje. Imaikira mazira m'nyanja yamchere kumapeto kwa nyengo yozizira, koma tiana take timatsata fungo la madzi a mumtsinje n'kukakulira m'madzi osakanikira kapena opanda mchere, ndipo timabwerera kunyanja tikakhwima. Thupi lake limatha kusintha kagwiridwe ka mchere: m'nyanja limautulutsa, mumtsinje limausunga. Ilinso ndi china chachilendo, chakuti ngakhale zambiri zili ndi maso kumanja, gawo ndithu limakhala ndi maso kumanzere, ndipo m'madera ena zoterezi zimafika pafupifupi imodzi mwa zitatu zilizonse.

Khomali lisanamangidwe, madzi amchere ndi a mitsinje ankasakanikirana pang'onopang'ono m'dera lalikulu, ndipo kamwana ka bot kankalowa mwa njira ija yokwera madzi akamalowa. Tsopano madzi a IJsselmeer amatulutsidwa pazipata za pa Den Oever ndi pano pa Kornwerderzand nyanja ikaphwa, ndipo amatuluka ndi liwiro limene kansomba ka sentimita imodzi sikangalimbane nalo, moti nsomba zimasonkhana kunja kwa zipata zikumva fungo la kumene zikufuna koma njira palibe. Yankho limene linakonzedwa pano ndi Vismigratierivier, mtsinje wokumba wokhotakhota wa makilomita pafupifupi 4 wodutsa pakhomalo, wolola kuti madzi a m'nyanja azilowa ndi kubwerera mofatsa popanda mchere kufika m'nyanja ya mkati. Maganizo amenewa ndawakonda chifukwa akuyambira pa khalidwe la nsomba yofooka kwambiri, osati pa yamphamvu yotha kulimbana ndi madzi.

Lamulungu, Balgzand

Balgzand ndi bwalo la matope la masikweya kilomita pafupifupi 50 kum'mawa kwa Den Helder, ndipo ndi malo otetezedwa, choncho ndaliyang'anira pamwamba pa khoma lotchinga nyanja. Zambiri zimene zikudziwika za ubwana wa schol zinachokera pano, pamene ofufuza akhala akukoka timaukonde kuyambira zaka za m'ma 1970. Anapeza kuti kuchuluka kwa tiana m'chaka kumatsimikizika makamaka tikadali mazira ndi tiana toyandama kunyanja, ndipo zaka zotsatira kuzizira koopsa, monga 1963 ndi 1996, zinabala schol zochuluka modabwitsa. Madzi akazizira kwambiri adani a mazira amachepa, ndipo shrimp nazo zimachepa kapena kuchedwa kufika pamatope.

Mu 1913 Friedrich Heincke wa pachilumba cha Helgoland ku Germany analemba lamulo limene mpaka lero limatchedwa ndi dzina lake, lakuti schol ikamakula imasunthira kumadzi akuya, kutali ndi gombe: tiana m'madzi osaya, zachinyamata chapakati, zazikulu kunja. Pa maziko amenewa, mu 1989 kunakhazikitsidwa Plaice Box, dera la m'mbali mwa gombe la Netherlands, Germany ndi Denmark kumene maboti okoka maunyolo a injini zoposa makilowati 221 analetsedwa, poyamba kwa miyezi ina, ndipo kuyambira 1995 chaka chonse. Cholinga chinali kuteteza schol zazing'ono, koma m'zaka zomwezo nsombazo zinayamba kusamuka. Madzi a Wadden Sea atentha ndi digiri yoposa imodzi kuyambira zaka za m'ma 1980, ndipo popeza nsomba ikamakula imafuna madzi ozizirirapo, schol za chaka chimodzi ndi ziwiri, zomwe kale zinkadzaza ngalande za pano, tsopano zimapezeka kwambiri kunja, zina kupitirira malire a dera lotetezedwalo, kumene maukonde amazipeza. Tiana ta miyezi yoyamba tikubwerabe, koma timachoka msanga.

Chodabwitsa n'chakuti m'zaka za m'ma 2010 schol zazikulu za mu North Sea zinachuluka kuposa nthawi ina iliyonse chiyambire kuwerengedwa, makamaka chifukwa kupha kunachepetsedwa, ngakhale kuti kukula kwa nsomba iliyonse kunayamba kuchedwa. Choncho sindingalembe kuti nsombayi ikutha, chifukwa sizoona. Chimene ndikuchiona n'chakuti malire ojambulidwa pamapu amakhala pamodzi pomwe pamene nsomba ikutsata kuzizira kwa madzi, ndipo woteteza ayenera kuyang'ana kumene tiana tili lero, osati kumene tinali mu 1989. Kalembera wa nsomba za pansi amene dziko lino limachita m'gombe chaka ndi chaka kuyambira 1970, yemwe pano ali m'manja mwa Wageningen Marine Research, amachitika kumapeto kwa nyengo yotentha, ndipo m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala ndi pamene zidzadziwike kuti mwa tiana takhazikika pamatope ano chaka chino tapulumuka tingati, ndiponso kuti tasunthira kuya kotani.